Apusi Pamwamba, Abambo Anga Pansi

Abambo anga anaphwanya phiri mpaka linatha. Kuseri kwa Manja kunali kaphiri kabwinobwino, kenako kunabwera kampani ya kwale, inalemba amuna ochokera kumunsi kwa Shire, abambo anga ali pomwepo ndi hamala yawo. Pomwe ine ndinkayamba sukulu, kaphiri kaja kanali katamwazikira m'misewu ya ku Limbe ndi m'maziko a nyumba za anthu ena. Kwa ife kunatsala dzenje. Dzenje lake loti ukaponyamo mwala Lolemba, kugwa kwake umakumva Lachitatu. Wokayika akafunse aliyense amene anakulira ku Manja, ndipo akapeza wotsutsa abwere adzandidule chala.

Masana kunkalira wezulo, kenako mwala unkaphulika, makapu n'kugwa okha pa shelefu. Kuphulika kukatha kunkagwa fumbi. Nkhuku zonse za kwathu zinali zoyera, ngakhale zomwe zinabadwa zakuda. Amayi ankachapa zovala, kuziyanika, kenako kuzikutumula ngati matumba a ufa. Abambo akatsokomola m'mawa ankatulutsa mchenga woti mmisiri wosamala akanatha kumata nawo khoma la bafa. Chifuwa chomwecho chinawatenga ine ndili ku pulayimale.

Kwathu kwenikweni ndi ku Nsanje, koma masiku amenewo kunyamula maliro kupita nawo kumeneko inali nkhani ya anthu olemera. Choncho antchito a pa kwale ankaikidwa pakangodya kena m'mphepete mwa dzenje, pomwe panali mitengo ingapo ya mbawa ndi mikuyu. Ziliza kunalibe. Anthu ophwanya miyala yomangira nyumba za eni ake analibe simenti yoti n'kuwakira pa manda. Ankangounjika dothi n'kudzala nkhadze kumutu, basi. Ya abambo anga anaidzala amayi ndi manja awo.

Tsopano mukudziwa mmene timakhalira ndi manda. Sitipitako wamba. Sitidulako mtengo, sititolako nkhuni, ngakhale nthambi itagwa yokha n'kuuma n'kumakuitana ndi dzina. Mwana akalozako ndi chala amamenyedwa pa dzanja. Umalowako pokhapokha utanyamula munthu kapena ukumuperekeza, ndipo ukabwerako umasamba m'manja. Ndiye pamene makala ndi mauvuni a njerwa ankameta Manja yense mpala, mitengo ya pakangodya paja inkangokulirakulira. Ukaima pa msewu umaona dera lonse lili mbee, kankhalango kamodzi kokha kali bii. Mwana aliyense wa m'dziko muno akaona mitengo ikuluikulu itaunjikana pamodzi pakati pa chipalamba amadziwa chomwe chagona pansi pake. Safunsa.

Kampani itatseka, antchito anabalalika, ena ku Mbayani, ena kubwerera kumudzi, ndipo maliro ambiri anayamba kupita ku manda a mzinda. Koma amayi anali atanena kale zawo, ndipo ankazinena kawirikawiri, nthawi zina pakati penipeni pa nkhani ya matemba.

"Ine mudzandiike pambali pa bambo anu. Kumanzere kwawo, komwe ndinkagona. Kumanja ankaponya mwendo."

"Tidzapadziwa bwanji, amayi?"

"Nkhadze yawo ndi yaitali kuposa zonse. Ndinaidzala ndine. Simungasochere."

Patapita zaka, dzenje lija litadzaza madzi obiriwira ndi udzudzu waukulu ngati nkhunda, kunabwera anthu a magalimoto aataliatali. Anati malo owonongekawa tiwakonza, tidzalamo mitengo, tibweretsamo nyama, alendo azidzaona. Dzina la pakiyo sinditchula. Iwo ali ndi maloya, ine ndili ndi njinga. Anachititsa msonkhano pabwalo la mpira kuti amve maganizo a anthu. Ine ndinali ku ntchito ku Ginnery Corner, komwe ndimasunga makatoni a anthu ena, koma amayi anapita, n'kubwerako atavala tisheti ya chithunzi cha mbawala pamwamba pa diresi.

"Zinali bwanji?" ndinawafunsa.

"Aaa, anthu a masiku ano. Atifunsa ngati timatola nkhuni mu mitengo ija."

"Inu mwati bwanji?"

"Tati nkhuni? Kumene kuja? Ati nanga bowa, nanga mankhwala, nanga kudyetsa mbuzi? Tati bowa wa kumene kuja adye ndani? Ati ndiye kuti palibe amene amapitako? Tati palibe, sitipitako. Basi atiwombera m'manja. Ati m'Malawi monse muno sanaone anthu osamala chilengedwe ngati ife."

Palibe anatchula mawu oti manda. Akanatchula ndani, pamsonkhano wa alendo, anthu atagwira mabotolo a zoziziritsa kukhosi m'manja? Ndiponso uwauziranji anthu akuluakulu chinthu chomwe mwana wa m'kalasi yoyamba amachidziwa? Amayi ankaganiza kuti alendowo akuwayesa ngati ali ndi khalidwe. Pagulu lija azungu anali ochepa. Ena onse anali Amalawi anzathu, obadwa kwa amayi a chitenje ngati ine, oti kwawo kuli manda ndipo mitengo yake amaidziwa. Izi ndi zomwe zimandiwawa mpaka lero. Mzungu ndingamukhululukire, mwina kwawo anthu amawaika mu kabati. Koma enawo anaona mitengo ndi maso awo, anamva "sitipitako" ndi makutu awo, n'kukauza bwana zomwe bwanayo ankafuna kumva.

Waya atazungulira malo onse, pamodzi ndi kangodya kaja, ife tinayamikira. Amayi anati, "Mwaona, atitchingira manda. Agalu asiya kufukula."

Chilungamo ndichinene, ntchito anaigwira. Mitengo inamera pamwala pomwe ngakhale chisoso chinkakana. Kunabwera mbalame zoti sitinazionepo. Anabweretsa mbidzi, mbawala, nthiwatiwa imodzi ya nkhope ngati ya wokhometsa msonkho, ndi ng'ona zomwe anaziika m'dzenje la abambo anga n'kumazidyetsa matumbo a nkhuku. Mabasi anayamba kubwera: ana a sukulu za mayunifolomu osita, azungu ofiira m'khosi, akwati odzajambulitsa. Ife a ku Manja sitinkalowamo. Ulipiriranji pa geti kuti ukaone pusi yemwe m'mawa womwewo anali m'khitchini mwako? Apusi a m'paki muja waya ankamuyesa makwerero. Anatha chimanga, anatha mapapaya, anatha mandasi a pa msewu. Pusi wina anakwera minibasi pa siteji, anakhala mpando wakutsogolo mpaka ku Limbe, kondakitala osamulipiritsa poti ankamuyesa mlamu wa dalaiva. Ndinali momwemo, mphezi indiwombe.

Pamsewu anaimika chikwangwani chachikulu chonena kuti m'katimo muli nkhalango yakale yomwe dzanja la munthu silinaikhudzepo. Tinkadutsa n'kumagwedeza mutu kuti eya, sitinaikhudze. Mnzanga wina wa ku ntchito anapitako ndi chibwenzi chake, Lolemba n'kundiuza kuti, "Aise, kwanu kuja kuli malo! Pali pena pake pansi pa mitengo, ukakhala umangomva mtendere wina wake." Ine ndinkaganiza kuti akunena mitengo yodzala ija. Ndinamuuza kuti azipitapita.

Amayi anamwalira m'nyengo yozizira, chiperoni chitaphimba mapiri onse. Amalume, mlongo wawo wa amayi, anafika kuchokera ku Nsanje atavala jekete lawo la maliro, lomwe laika anthu ambiri kuposa ansembe. M'mawa wa tsiku loika, adzukulu ananyamula makasu, mapiki ndi mafosholo kupita kukakumba. Posakhalitsa tinangowaona akubwerera, zida zili zoyera, zosakhudza dothi.

"Atibweza pa geti," anatero mkulu wa adzukulu, bambo wowotcherera zitsulo ku Mbayani, amene sindinamuonepo akusowa chonena. Tsiku limenelo anangonena zomwezo n'kukhala pansi.

Tinanyamuka ine, amalume ndi mkulu wa adzukuluyo. Pa geti tinapeza mlonda, munthu woti timapemphera naye mphakati umodzi, woti dzulo lake anali pa siwa akuimba besi. Atationa anavula chipewa n'kumayang'ana nsapato zake.

"Achimwene, musandione ine. Ine ndi waya ndife amodzi. Ndikatsegula pano, mawa ana anga adya chikwangwani."

Anatiitanira manijala. Anatulukira bambo wachinyamata wa kabudula wa khaki wa matumba ambirimbiri, moti akanaika dzira m'thumba lililonse akanatsegula golosale. Anali waulemu, ndisamunamizire. Anatipatsa moni ndi manja awiri.

"Pepani kwambiri ndi zovutazi, madala. Koma mwina pali kusamvetsetsana. Muno ndi mosungira nyama. Mulibe manda muno."

"Abambo anga ali m'menemo," ndinatero.

"Ali mbali iti, ya ng'ona kapena ku resitiranti?"

"Ali pansi pa mbawa. Anthu ambiri ali pansi pa mbawa zija."

Anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu amene wapondedwa chala ndi bwana wake. Anati iye anabwera paki itatsegulidwa kale, ndipo chomwe anauzidwa n'chakuti anthu a kuno ananena okha kuti nkhalangoyo alibe nayo ntchito. Anati kukumba kungadule mizu, phokoso lingabalalitse mbalame zomwe zikukhalira mazira, ndiponso masana amenewo kukubwera basi ya alendo. Kenako anatipatsa chithandizo: galimoto ya paki itinyamulire maliro mpaka ku manda a mzinda, mafuta ndi awo.

"Galimoto iti?" anafunsa amalume.

Analoza. Inali ija yonyamulira chakudya cha ng'ona, ntchentche zili ng'waa pamwamba pake.

"Nkhabe!" anatero amalume. Iwo akakwiya Chichewa chimawathawa, n'kutsala Chisena. Anapuma kaye kuti chibwerere. "Ayi, mwana wanga. Mlongo wanga si matumbo a nkhuku."

Tinabwerera. Kunyumba anthu anali atadzaza, masamba ali pa msewu, kwaya ikuimba. Amunafe tinakhala kuseri kwa nyumba n'kuyamba ntchito yomwe amuna timaitha bwino, kugwedeza mitu mosinthana. Wina anati tikaonane ndi akhansala. Wina anati akhansala ali ngati ngumbi, amatuluka nyengo yake. Wina anati tingovomera galimotoyo titaitsuka, wakufa sadziwa kanthu. Apa m'pamene anatulukira achemwali anga aakulu, omwe amagulitsa kaunjika ku Limbe, duku lili pamphumi, maso ali psuu.

"Mwagwirizana zotani, achimwene?"

"Tikuganizabe."

"Ganizani mukuyenda. Mapemphero akatha bokosi lituluka, lilowera ku geti. Tikaone mwana wa munthu amene angalibweze."

Tonse tinamva chomwe ankatanthauza. Maliro akatuluka m'nyumba sabwereranso. Sagona pakhomo kachiwiri, ndipo bokosi silitsitsidwa pa msewu ngati thumba la mbatata. Aliyense amadziwa zimenezi, wa mpingo uliwonse, ngakhale wosapemphera.

"Koma mayi, manda sitinakumbe," anatero mkulu wa adzukulu.

"Makasuwo ndi olemera? Anyamuleni."

Tinayenda wapansi. Kutsogolo mtanda ndi akatekisiti, kenako azimayi a mphakati ndi nyimbo, kenako bokosi pa mapewa, adzukulu pambuyo ndi zida zawo ngati tikupita ku ganyu. Anthu ankangowonjezekera m'njira. Ogulitsa makala anasiya makala, ometa anasiya mitu ya anthu itametedwa mbali imodzi. Woyamba atafika pa geti, wotsiriza anali asanatuluke pakhomo pathu. Ndipo Mulungu si munthu: basi ya alendo inafika nthawi yomweyo.

Tinaima. Geti lili chitsekere, mlonda ali pambali akupukuta maso ndi chipewa. Amuna ankasinthana mapewa, wina kutuluka wina kulowa, bokosi osagunda pansi. Azimayi ankamaliza nyimbo n'kuyamba ina. Alendo anatsika m'basi n'kutulutsa makamera. Sindikudziwa kuti wowaperekeza anawauza chiyani, koma mayi wina wa chipewa chachikulu ngati lichero anayamba kuvina ndi mapewa, nyimbo itatha n'kuwomba m'manja. Bambo wina anandiyandikira n'kundifunsa m'Chingelezi ngati timachita zimenezi tsiku lililonse kapena Loweruka lokha. Ndinamuyankha kuti zimatengera amene wamwalira. Anagwedeza mutu mosangalala n'kundijambula. Lero lino amayi anga ali m'mafoni a anthu a m'mayiko omwe sindingathe n'kuwatchula komwe, ali pa mapewa athu, akudikira kuti awatsegulire.

Manijala anatuluka akuthamanga, foni ili kukhutu, "inde bwana, ayi bwana," thukuta lili kamukamu m'chiperoni muja. Anatsitsa foni n'kubwera kwa amalume.

"Madala, chonde, tabwererani kaye kunyumba. Mawa tikhale pansi tikambirane bwinobwino."

"Kwanu n'kuti, mwana wanga?"

Anatchula boma la kwawo.

"Kumeneko maliro amabwerera?"

Anayang'ana bokosi, anayang'ana azungu, anayang'ananso bokosi. Ndinaona sukulu yonse ikumutsika m'mutu mpaka kutsala mwana wa kumudzi. Anauza mlonda kuti atsegule.

M'katimo munali mokongola, ndipo kukongolako kunandikwiyitsa kuposa geti. Mthunzi, kamphepo, madzi a m'dzenje ali phee, mbalame zoyera zitaima m'mphepete. Pomwe abambo anga anasiya mapapo awo panali kapinga wotchetcha bwino. Mbidzi zinatiyang'ana ngati ndife amene talowa molakwika. Nthiwatiwa inatiperekeza m'mbali mwa njira, khosi lili njo, ngati ndi imene ikatsogolere mwambo.

Titafika pa mbawa zija, nyimbo inazima yokha, pakamwa pamodzipamodzi.

Panali posesa. Panali kanjira kokhotakhota kothira miyala ya kwale, mabenchi opaka vanishi, mabini a zinyalala owumbidwa ngati achule. Pa benchi ina mnyamata ndi mtsikana ankadya tchipisi m'pepala limodzi. Atationa anathawa n'kusiya tchipisicho, apusi n'kutsika kudzamaliza. Mitumbira panalibe. Nkhadze panalibe ngakhale imodzi.

"Nkhadze zili kuti?" anafunsa achemwali. Sanakuwe. Akanakuwa zikanakhalako bwino.

Manijala anati anamva kuti zinazulidwa pachiyambi pomwe, chifukwa utomoni wake umachititsa nyama khungu. Timilu ta dothi anatisalaza poganiza kuti ndi zotsalira za pa kwale, kuti alendo asamapunthwe.

Apa nthabwala ndilibe. Tinaima pamwamba pa anthu osawerengeka, bokosi lili pa mapewa, osadziwa kuti taponda ndani. Azimayi ena okalamba, omwe amuna awo anaikidwa pamenepo, anayamba kulira maliro ena, osati athuwa.

Anthu anafunsa ine pomwe anagona abambo, poti ndine mwana wamwamuna. Koma tsiku lomwe tinkaika abambo ndinali wamng'ono. Chomwe ndimakumbukira ndi miyendo ya akuluakulu, ndi nsapato yobwereka yomwe inkandiluma chidendene. Achemwali anati kumbuyo kwawo kunali mtengo. Mitengo inali paliponse. Nkhalamba ina yomwe inagwira ntchito ndi abambo inaloza pafupi ndi bini.

"Apo. Ndinaponya dothi ndi dzanja ili."

"Bodza!" inatero nkhalamba inzake. "Apo ndi pa kapitawo uja anagwa ndi thirakitala. Uyu tinamuika uko."

"Iwe unaliko? Tsiku lija sunali kumowa iwe?"

"Kumowa ndinapita titaika!"

Ndodo zinali m'mwamba, aliyense akuitana mboni, koma mboni zonse zinali pansi pa mapazi athu.

Bokosi tinalikhazika pa benchi ina, poti tinali titafika ndipo mapewa anali atatha. Maliro kudikira manda, chibadwire ndinali ndisanazione, ndipo amalume ndi jekete lawo lija anati nawonso n'koyamba.

Adzukulu anakumba pomwe inaloza nkhalamba yoyamba. Asanafike m'mawondo piki inalira pa thanthwe mpaka kutulutsa moto. Anakwirira. Anakumba pomwe inaloza yachiwiri. Dothi linali lofewa, ndipo aliyense wodziwa anayamba kuyang'ana kumbali. Atafika m'chiuno fosholo inatulutsa chidutswa cha thabwa lowola ndi kansanza ka bulangete. Mkulu wa adzukulu anakweza dzanja, onse anasiya.

Amalume anagwada, analandira kansanza kaja n'kukayang'ana nthawi yaitali. Kanali kotuwa. Mabulangete onse omwe kampani inkapatsa antchito ake anali otuwa.

"Ndi iwo?" anafunsa achemwali.

"Ndi munthu," anatero amalume.

Anakabwezera, anapepesa mwini wake m'Chisena, adzukulu n'kukwirira pang'onopang'ono.

Dzuwa linali litapendeka. Akatekisiti anali atayang'ana wotchi mpaka wotchiyo inachita manyazi. Pankafunika munthu woti anene, ndipo amalume ananena. Anati tiyese kuti amene tamupezayu ndi mlamu wawo, tikumbe kumanzere kwake. Nkhalamba yoyamba ija inatsegula pakamwa, achemwali anaiyang'ana, inatseka.

Kumanzere kwake kunali benchi ija ya tchipisi. Miyendo yake inali yozikidwa mu simenti, simenti yambiri, yokwanira ziliza za mabanja angapo. Mkulu wa adzukulu anayang'ana manijala, osamufunsa kanthu, analavulira m'manja n'kukweza piki. Sindinaonepo amuna akugwira ntchito mokondwa chonchija pa maliro. Benchi inazuka ndi mizu yake, anaiponya m'kanjira chagada. Manijala anangoika manja m'matumba ake awiri mwa ambiri aja.

Pamenepo sanapeze munthu, sanapeze mwala. Tinawatsitsa amayi, akatekisiti anathamangitsa mapemphero, tinaponya dothi. Pamwamba pathu apusi anali atakhala m'nthambi mwandondomeko, ana kutsogolo, akulu kumbuyo, ali chete kuposa anthu ena omwe ndimawaona pa maliro. Pa nthawi yoika nkhata manijala anasendera kwa achemwali n'kunong'ona kuti ngati n'kotheka nkhata za pulasitiki tibwerere nazo, chifukwa apusi amazidya n'kutsamwa.

"Pusi akadzatsamwa mudzatiuze," anatero achemwali. "Tidzabwera kudzajambula."

Nkhata zinatsala.

Ndimamva kuti masiku ano anazunguliza chingwe pa mitengo ija, ndipo chikwangwani cha pamsewu ndimachiona ndekha kuti anachisintha. Tsopano akuti ndi malo opatulika pomwe anagona mafumu akale. Alendo amavula zipewa, amalankhula monong'ona. Abambo anga, omwe ankaima pa mzere chipewa chili m'manja kuti kapitawo awalembe tsiku, lero ndi mfumu. Palibe anabwera kudzapepesa. Anangoona kuti akufa nawonso amakoka alendo.

Koma zimenezo n'za pambuyo. Tsiku lija titabwerera kunyumba tinapeza beseni la madzi pakhomo, anthu ali pa mzere kusamba m'manja. Amalume anali patsogolo panga. Anatembenuka, anandiyang'ana, n'kundigwira paphewa ndi dzanja lonyowa.

"Usadandaule, mphwanga. Ngati talakwitsa, kankhalangoko n'kakang'ono. Akafunana okha."

Ankandifunira zabwino, ndikudziwa. Koma amalume amakhala ku Nsanje, sanawaone amayi m'zaka zawo zomaliza. Miyendo inali itatupa. Kuchoka pa mkeka kukafika pakhomo ankagwira khoma, n'kupumira panjira. Maso anali atachita ng'ala, moti munthu ankamuzindikira ndi mawu, ndipo abambo anga sanali munthu wolankhulalankhula. Mayi ameneyo ndi amene tamutuma kuti akayende pansi pa mizu, pakati pa amuna a eni ake, kufunsa mmodzimmodzi.

Ndinasamba m'manja n'kupatsa mpata wa kumbuyo kwanga.